Mwala Umene Anadya Salifyanji

Unagwa dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala, nthawi ija kutentha kwa kuno ku Rukwa kumaphika munthu ali moyo. Tinali kumchere tonse, ena akupala dothi, ena akusefa madzi, ine ndili m'chisakasa changa kusonkhezera moto pansi pa chiwaya. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Kenaka kunangoti gugugu, ngati chilole chikukhuthula miyala pamwamba pa mitu yathu, ndipo agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa nthawi imodzi. Ndisanaimirire n'komwe, denga la udzu linabooka, chinthu n'kudzati phi pamulu wanga wa mchere, pomwe ndinali nditangochotsapo phazi.

Sindinathawe. Mpaka lero anthu amati Nankala ndi wolimba mtima, koma zoona zake n'zakuti miyendo inakana. Ndinangoti kakasi, chikuni chili m'manja, kuyang'ana chinthu chakuda bii chitakhala pamchere woyera. Kukula kwake ngati papaya laling'ono, chitang'ambika pakati. Kunja chinali ndi kachikopa kopserera, m'kati ngati khala lonyowa. Nditachikhudza sichinkatentha ayi, ndipo chinanyenyeka ndi chikhadabo chokha. Koma fungo lake, abale. Linali ngati phula la mumsewu losakaniza ndi dothi limene langolandira mvula yoyamba, ndipo linadzaza chisakasa chonse.

Aphunzitsi a pasukulu anati mwina ndi kimondo, mwala wogwa kumwamba. Anthu anawaseka mpaka anachita manyazi. Kimondo timachidziwa ife, chili ku Mbozi uko, ana asukulu amapita kukajambulitsa atachitsamira. Ndi chitsulo chokhachokha, chachikulu kuposa ng'ombe yogona, ngakhale macheka amachilephera. Ndiye chinthu chonyenyeka ngati chigumu chingakhale kimondo bwanji? Pomwe dzuwa linkapendeka mudzi unali utagamula kale kuti chimenechi n'chotumizidwa ndi munthu. Funso linangotsala lakuti wachitumiza ndani, ndipo kwa yani.

Popeza chinagwera m'chisakasa changa, anthu anayamba kundilambalala ngati ndaponda zonyansa. Ena anati ndikachiponye m'nyanja. Ine ndinati chinthu chandiboolera denga, chandidetsera mchere wa sabata yathunthu, ndiye ndichitaye chisanandiuze chimene chabwerera? Ndinachiika m'chitini chachikulu cha mkaka, n'kutseka, n'kukankhira kunsi kwa bedi. Abusa a ng'ombe anati kuthengo kuli zidutswa zina zambiri, koma palibe amene anafuna kuzikhudza. Mvula itayamba zonsezo zinasungunuka n'kusanduka matope akuda, ndipo anthu anati mwaona, zimenezo ndiye zizimba, zatha ntchito zabwerera kwa mwini wake.

Tsono ndinene za mng'ono wanga Salifyanji. Mwana ameneyu ndinamulera ndine, mayi athu anatisiya iye akuyamwa. Anakwatiwa kutsidya kwa dambo ndi Lukundo, mwana yekhayo wotsala wa mayi Namwinga mwa ana asanu ndi mmodzi amene anabala. Lukundo ndi mwamuna wabwino, kungoti miyezi yambiri amakhala kunyanja ku usodzi. Salifyanji anali atapita padera katatu. Chaka chimenecho anali ndi pakati pachinayi, patafika miyezi isanu ndi iwiri, ndipo tonse tinkayenda monyang'ama. Apongozi akewo sankamulola ngakhale kugwira munsi. Masana ankabwera kwanga kudzagona pamphasa ine ndili kumchere, poti kwa apongozi munthu sugona masana mtima uli m'malo.

Pakati pamenepo panabwera ndi nkhuli ya dothi. Zimenezo si zachilendo, ine ndemwe pa Wigani wanga ndinatsala pang'ono kumaliza chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Salifyanji ankadya dothi logula pamsika wa Kamsamba, likatha ankakukuta makala, nthawi zina ndinkamupeza akukanda khoma langa ndi supuni. Ndinkangomuseka kuti iwe udzatigwetsera nyumba.

Tsiku lina aphunzitsi aja anandiuza kuti kwabwera munthu wochokera kuyunivesite ku Dar, akuzungulira midzi kufunsa za miyala yakuda, ndipo iwo amulozera kwanga. Ndinati ndiyambe ndaona kaye katundu wanga. Nditakoka chitini chija ndinamva kupepuka, mtima unangoti phaa. Kutsegula, ndinapeza kanthu kotsala kongafanana ndi chala chachikulu cha kumanja. Ndinatuluka nako panja kuti ndikaone bwino powala, ndipo m'mbali mwake munali mano. Ndinayamba kutukwana makoswe, koma pakati pa kutukwanako ndinakumbukira kuti khoswe satsegula chitini n'kutsekanso. Komanso manowo anali ndi mpata pakati, mpata umene ndakhala ndikuuona kuyambira mwini wake akumera mano.

Salifyanji anali pakhonde akusenda chinangwa. Atandiona ndi chitini m'manja mpeni unamugwa.

"Mwala uja uli kuti?"

"Achemwali, unkanunkhira."

"Unkatani?"

"Ndikagona pamphasa fungo lake linkandipeza. Ndinangoti ndilawe kamodzi kokha."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Salifyanji anati wakhala akubudula pang'onopang'ono kuyambira mvula isanayambe. Anati ndi wowawa ngati madzi otsalira pansi pa chiwaya, koma akadya mtima umakhala pansi, ndipo dothi la pamsika linasiya kumukomera. Ine pakamwa panga sipadziwa kunong'ona. Ndinamukalipira, ndinamuuza kuti safunsa anadya phula koma iwe waposa, wadya chinthu chimene mudzi wonse ukuopa ngakhale kuchiloza ndi chala. Mawu anga anafika kuchitsime, ndipo a kuchitsime anawanyamula pamodzi ndi ndowa zawo. Chinangwa chija chisanapse mayi Namwinga anali ataima pabwalo panga.

Akanakalipa bwenzi zili bwino, tikanakalipirana zikanatha. Koma sanakweze mawu. Anayang'ana m'chitini, anayang'ana mimba ya mpongozi wawo. Kenaka anangoti, "Tiye kunyumba, mwana wanga." Ine sanandipatse ngakhale moni.

M'mawa mwake ndinaoloka dambo kukamuona. Ndisanafike n'komwe pabwalo fungo linandichingamira, ndipo thupi lonse linachita tsembwe. Fungo limenelo mkazi aliyense wa kuno amalidziwa. Ndi mizu ija amamwetsa mayi akachira koma zotsalira zikukana kutuluka. Imakama mimba ngati munthu akufinya nsalu. Mayi Namwinga anali atapita kwa sing'anga wa kuphiri mbandakucha, ndipo sing'angayo anawauza kuti chotumizidwacho chapeza njira, chalowa m'mimba kuti chikhale pamalo pa mwana. Akapanda kuchitsuka lero lomwe, Salifyanji adzabala mwala.

Ndinawagwadira mayi amenewa, ine amene sindigwadira munthu. Ndinati asewele, mizu imeneyi pa miyezi isanu ndi iwiri sisankha, idzatulutsa zonse. Iwo anati sing'anga wachepetsa mlingo, mankhwalawo akudziwa chimene akukatenga. Ndinati tipite naye kuchipatala. Anati katatu konse kaja anapita kuchipatala, anabwerako ndi chiyani? Ndinati tidikire Lukundo. Anati foni yake sikugwira kunyanjako, ndipo pakhomo pano mwini wake ndi iwo. Nditayamba kukweza mawu anandikumbutsa kuti chinthucho chinagwera m'chisakasa cha yani, ndipo anachisunga ndani. Akazi amene anali pamenepo anandigwira mikono n'kundiperekeza mpaka kudambo. Mankhwala anali akadali pamoto, ankayenera kuwira mpaka madzi atsale theka, kenaka azizire.

Ndinabwerera ndikulira mokweza ngati kwagwa maliro, ndipo pakhomo panga ndinapeza galimoto yoyera yodzaza matope. Dalaivala anali atatsamira chitseko. Pakhonde panakhala mayi wamng'ono thupi, wamagalasi, atavala malaya aakulu a kuthengo ndi nsapato zachimuna. Dalaivalayo anati awa ndi Dokotala Kemilembe. Mayiyo anandipatsa moni mwaulemu, malankhulidwe ake a anthu a ku Bukoba. Anati wayenda thengo lonse la kuno masiku ambiri, koma paliponse pamene amulozera wangopeza banga lakuda pansi. Anali atatopa moti mawu ankachita kuwakoka. Ine mtima unali kutsidya kwa dambo, ndiye ndinangolowa m'nyumba, n'kutenga chitini, n'kumuponyera pamiyendo kuti aone azipita.

Atatsegula anasiya kupuma. Ndikunenatu zoona, ndinaona chifuwa chake chitaima. Anatseka, anavala magolovesi, anatsegulanso. Anatulutsa kagalasi koonera tinthu ting'onoting'ono, n'kugwada pakhonde langa lafumbilo, n'kumayang'ana kamwalako nthawi yaitali. Anati akufunafuna timikanda tozungulira timene timapezeka m'miyala yambiri yogwa kumwamba, ndipo sakutiona. Ine ndinayesa ndiye kuti n'kachabe. Koma iye anadzutsa mutu maso ali ndi misozi, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene ndasunga.

Ndinati chimene ndikudziwa n'chakuti si kimondo, poti kimondo ndi chitsulo.

Anati onsewo ndi a kumwamba, koma mbiri zawo n'zosiyana. Dziko lathuli, anatero, lili ngati mbiya yowotcha kale. Pachiyambi linasungunuka lonse, zolemera monga chitsulo zinamira pakati, zopepuka zinayandama, moti dongo limene linaumbidwira silingadziwikenso. Kimondo cha ku Mbozi ndi mtima wa kadziko kena kamene kanasungunuka chimodzimodzi, kenaka n'kusweka. Koma aka ndi dongo lotsalira m'manja mwa woumba, limene silinalowe pamoto. Linayamba ngati fumbi ndi madzi oundana dzuwa lili khanda, zaka mabiliyoni anayi ndi theka zapitazo, dziko lathu lisanakhaleko, ndipo kuyambira pamenepo lakhala likuyandama kumdima wozizira. Anati zimene zili m'dzuwa, kupatula mipweya youluka, zili m'kamwala aka pamlingo womwewo, monga supuni imodzi ya ndiwo imakuuzira za mphika wonse. M'kati mwake muli madzi omangika m'dongo, muli mchere, mulinso zinthu zakuda za mtundu umene matupi a zamoyo amapangidwa nazo.

"N'chifukwa chake mvula ikaugwera umasanduka phala," anatero. "Miyala ya mtundu uwu imene anthu anatola pa dziko lonse lapansi singadzaze thumba lanu limodzi la mchere. Umodzi unagwa kufupi konkuno, ku Ivuna, nthawi ya agogo anu, ndipo mpaka lero mtundu wonsewu timautchula dzina la Ivuna."

Ivuna yathu yomweyi, kumene ndimakagula nkhuni. Ndinayang'ana dalaivala kuti mwina akuseka, koma ayi. Chokhacho chimene chinandinyansa mwa mayi ameneyu chinali chakuti sankanena chinthu n'kuchisiya chitaima. Mawu alionse ankawaphatikiza ndi "ndikuganiza," "zikuoneka ngati," "tikakapima tidzadziwa." Munthu wagwada, akulira, koma ukamufunsa kuti ndi womwewo kapena ayi, akuti zikuoneka ngati.

Anaika kamwalako m'kabotolo kagalasi n'kutseka bwinobwino. Kenaka anafunsa kuti unali waukulu bwanji pogwa. Ndinamuonetsa ndi manja. Nkhope yake inasintha. Anafunsa ngati ndinagulitsa kwa munthu, kuti mwina amulondole. Ndinati ayi. Anafunsa ngati unanyowa. Ndinati ayi.

"Nanga uli kuti?"

"Wadyedwa."

Dalaivala anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Dokotala uja anakhala pansi pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa, magalasi atatsetserekera pamphuno. Anabwereza mawuwo kawiri ngati akuphunzira chinenero chatsopano. Anafunsa kuti ndi mbuzi kapena chiyani. Nditamuuza kuti ndi mng'ono wanga woyembekezera anagwira mutu ndi manja onse awiri. Apa m'pamene mawu aja akuti "dokotala" anandilowa m'mutu. Ndinamugwira dzanja, magolovesi ali chivalire, n'kumuuza kuti zolira mwala akalire bwino, pakali pano kutsidya kuja kuli kapu ya mankhwala ikuzizira. Ndinamufotokozera zonse tili m'galimoto.

Tinapeza Salifyanji atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, maso atatupa, akazi a pamudzi atamuzungulira. Kapu inali pampando, itavundikiridwa ndi mbale. Ndinatsika ndikukuwa kuti ndabwera ndi dokotala wa boma, munthu asakhudze kapuyo. Mayi Namwinga ndi munthu waulemu wake, anatulutsa mpando wabwino n'kulonjera mlendo. Koma mlendo wangayo, asanakhale n'komwe, anati akhululuke, iye si dokotala wa anthu, ndi dokotala wa miyala. Ndinamutsina pamkono koma mawu anali atatuluka kale. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati miyala nayonso imadwala malungo, anthu n'kuseka.

Dokotala anafotokozanso zonse zija, za mbiya, za dongo, za dzuwa lili khanda. Anati palibe munthu pansi pano amene angatumize chinthu chimene chinanyamuka anthu asanalengedwe. Akazi ena ankagwedeza mitu, ena ankayang'ana kabotolo kamene kanali m'manja mwake ngati muli njoka. Mayi Namwinga anamvetsera zonse osadula mawu. Atatha anati zamveka, koma iwo ndi munthu wosaphunzira, ali ndi pempho limodzi lokha.

"Lumbirani pamaso pa anthu awa kuti mwala umenewu sungamuvulaze mdzukulu wanga."

Mumtima ndinati zatheka. Mawu amodzi okha, kapu ija itayidwa. Koma dokotala anayang'ana kabotolo.

"Amayi, si ufiti, zimenezo ndikutsimikiza. Ndi dongo ndi mchere, ndipo sindikuganiza kuti ungamuvulaze. Koma mulinso chitsulo, sulufule ndi zina pang'ono, ndipo uwu sindinaupime. Mupite naye mpongozi wanuyu kuchipatala akamuone magazi. Mankhwala awo ndiye asamwe, ndi oopsa kuposa mwalawu. Koma kulumbira ndisanapime sindingathe."

Ndikanakhala ndi chikuni chija m'manja sindikudziwa chimene chikanachitika. Bodza laling'ono ngati limeneli, loti ngakhale abusa akanalikhululukira, munthu wophunzira mpaka kunja n'kumulephera. Mayi Namwinga anafunsa kuti kupimako kumatenga nthawi yaitali bwanji. Dokotala anati masabata angapo, mwina miyezi, chifukwa makina ena ali kunja kwa dziko. Mayiwo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera. Anati khoswe wakhala pamkhate, ndipo iwo sangadikire miyezi akumuyang'ana.

Anavundukula kapu. Kwathu kuno wobweretsa mowa kapena mankhwala amayamba walawa yekha anthu akuona, kuti asadzanenedwe. Mayi Namwinga anamwa kamodzi, n'kumeza, n'kupukuta pakamwa.

"Asewele," ndinakuwa ine, "inu m'mimba mulibe kanthu. Mankhwalawo atulutsa chiyani mwa inu? Kulawa kwanuko sikukuonetsa kanthu."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa dokotala.

"Ine changa ndalawa. Inu mwabweretsa mawu akuti mwala uwu ndi wabwino. Lawani wanu."

Dokotala anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Anati angathe kupala kanyenyeswa kakang'ono ndi mpeni. Mayi Namwinga anati mpongozi wawo wadya papaya lathunthu, ndiye mlendo akufuna kungonyambita? Ngati ndi wabwino adye wonse, ndipo ukhale m'mimba. Akasanza ndiye kuti thupi lake lanena zimene pakamwa pakubisa.

Dalaivala anayandikira n'kunong'ona kuti madamu musatero, tiyeni tikaitane apolisi ku Kamsamba. Koma Kamsamba ndi kutali ndipo kapu inali pomwepo. Salifyanji anali atatambasula kale manja onse awiri kuti ailandire, misozi ikutsika, poti mwana woleredwa bwino sakana chimene apongozi akumupatsa. Ndine ndinamuphunzitsa zimenezo. Dokotala anaona manja amenewo. Anakweza kabotolo n'kukayang'anitsitsa kudzuwa, akukatembenuza pang'onopang'ono. Ndinamva akudzilankhulira yekha kuti zaka zonse za ntchito yake sanagwirepo wongogwa kumene, ndipo sadzaugwiranso. Kenaka anavula magolovesi.

Phokoso lake ndimalimvabe. Silinali lalikulu, linali ngati munthu akutafuna chiponde chouma chokhala ndi mchenga. Anatafuna maso ali otseka, nkhope itakwinyika ndi kuwawa, n'kumeza. Anatsegula pakamwa kuti mayi Namwinga aone. Lilime ndi mano zonse zinali bii. Mayi wina anagwira pakamwa, wina anayamba kupemphera chapansipansi. Dalaivala anakakhala m'galimoto n'kutseka chitseko.

Ndiye tinayamba kudikira. Mayi Namwinga anakoka mpando wawo n'kukhala moyang'anizana naye, kapu ili pamiyendo. Sanalole kuti apatsidwe madzi kapena ndimu. Posakhalitsa ndinaona thukuta likutuluka pamphumi pa dokotala, khosi lake likukwera ndi kutsika. Kawiri konse mapewa ake anadzuka, anatseka pakamwa ndi chibakera. Ndinakhala pafupi naye n'kumamusisita kumsana, ndikumunong'oneza kuti pumirani m'mphuno, yang'anani phiri ilo, musaganize za m'mimba. Munthu amene ndinkafuna kumumenya posachedwa pomwepa. Mthunzi wa mango unachoka pamphasa, akazi anasuntha Salifyanji, unachokanso, anamusunthanso. Mapeto ake nkhope ya dokotala inamasuka, anapuma mozama, n'kunena kuti zadutsa.

Mayi Namwinga anaimirira. Ndinayesa akukataya kapu.

"Mwalimba mtima, mwana wanga, ndakuonani," anatero. "Koma asewele anena okha pano anthu akumva. Wopanda kanthu m'mimba kulawa kwake sikuonetsa kanthu."

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Mawu anga omwe, otuluka pakamwa panga pomwepa. Mayiwo anatembenuka n'kuyamba kuyenda kupita pamphasa, ndipo Salifyanji anatambasulanso manja.

Dokotala anadzuka mwamsanga moti mpando unagwa. Anawatsekera njira, n'kugwira dzanja lawo limene linalibe kapu. Anakweza malaya ake aakulu a kuthengo aja pamaso pa anthu onse, n'kukanikiza chikhatho cha mayiwo pamimba pake.

"Miyezi isanu," anatero. "Woyamba."

Dzanja la mayi Namwinga lalandira ana ambiri m'mudzi muno, silinamizidwa. Ndinaona zala zawo zikuyenda, kukanikiza apa, kukanikiza apo, kenaka zinaima malo amodzi. Nkhope yawo inagwa. Anayang'ana mano akuda aja, anayang'ananso pamene panali dzanja lawo. Kapu inapendekeka m'dzanja linalo, mankhwala n'kumatsikira pachitenje chawo mpaka kumapazi, iwo osaona n'komwe.

"Iwe mwana," anatero potsiriza, mawu akuchita kusasa. "Bwanji sunanene? Ine ndikanakudyetsa?"

Mayiwo anamutsitsira malaya okha, mosamala, n'kuwawongola m'mbali.

"Mayi ako akudziwa kuti uli kuno?"

Dokotala anapukusa mutu. Mayi Namwinga anaponya kapu pansi, n'kuyamba kukalipira akazi onse aja kuti akungoyang'ana chiyani, wina athamange akatenge mkaka, wina akauze dalaivala uja alize galimoto, ana awiriwa akupita kuchipatala tsopano lino ndipo iwo akwera nawo.